A Zgambo, Nkhoswe ya Mawaya

Pa boma la Lundazi palibe amene anawamvapo a Haswell Zgambo akunena kuti zinthu ziwiri sizingalumikizane. Mawu amenewo analibe malo m'kamwa mwawo. Ukawabweretsera chaja cha mutu wonenepa ndi foni ya kabowo ngati diso la singano, ankaziika patebulo, china uku china uko, n'kumaziyang'ana monga mmene akuluakulu amayang'anira mnyamata ndi mtsikana amene abwera ndi nkhani ya banja.

"Awa ni a kuti?" ankafunsa, akuloza foniyo.

"Ya ku China, a Zgambo."

"Nanga awa?"

"Nachonso n'cha ku China."

"Oho, pali chibale. Koma China ni yaikulu. Khalani pa benchi."

Ndipo unkakhaladi, chifukwa benchi la a Zgambo silinali la munthu wofulumira. Tebulo lawo linali kumapeto kwa msika, pakati pa amayi ogulitsa tinsomba ta kapenta ndi shopu yokonza njinga. Pansi pa tebulopo panali thumba la feteleza lodzaza mawaya, mapulagi ndi ma adaputa a mtundu uliwonse umene unapangidwapo padziko lino, ena a makina amene eni ake anamwalira kalekale. Iwo ankati pulagi iliyonse ndi yaimuna kapena yaikazi, ndipo ziwiri zikakanika kulowana, ukwati sunalephereke, chasowa ndi nkhoswe. Zam'thumbamo ndizo zinali ankhoswe awo. Akapisamo dzanja ankalowetsa mpaka paphewa, maso ali kumwamba ngati munthu wogwira mbewa kuuna, ndipo chotuluka chinkabwera chitakoka abale ake onse.

Zina zinkathekadi. Analumikizapo injini ya makina osokera ku chigayo cha tsabola, ndipo chinagaya. Zina zinkatheka mopitirira. Mpingo wina wa ku Mwase Lundazi unawaitana kuti akalumikize masipika obwereka ku batire ya galimoto pa msonkhano wa masana, ndipo iwo anayala waya wautali kuzungulira bwalo lonse, wolumikizalumikiza ngati chingwe cha mbuzi. Zonse zinayenda bwino mpaka abusa atanena kuti tiyeni tipemphere. Anthu atangotsinzina, m'masipikamo munatuluka mawu a munthu wa pa wailesi akukuwa kuti mpira walowa. Amuna ena kumbuyo anatsegula diso limodzi kuti amve wagoletsa ndani.

Atafunsidwa ndi akulu a mpingo, a Zgambo sanaone cholakwa.

"Munanituma kuti mawu amveke. Kodi sanamveke?"

Amene ankawadziwa bwino kuposa onse anali mwana wawo wotsiriza, Racheal. Iye anali ndi kachipinda ka malata pafupi ndi tebulo la bambo ake, mmene ankajambula anthu zithunzi, kusindikiza makhadi a ukwati ndi kukonza mavidiyo a zikwati ndi zinkhoswe. Ankawakonda bambo ake, koma kuyambira ali mwana anaphunzira kubisa chilichonse chokhala ndi sikuluwu. Kunyumba nako kunali chimodzimodzi. Mayi ake, a Dorica, anali ndi TV yopyapyala imene mwana wawo wamwamuna anatumiza kuchokera ku Kitwe. Inkakhala yofunda kansalu koluka, ndipo lamulo linali lakuti a Zgambo angathe kuionera koma osaiyandikira.

Ndiye panali Saimoni, mnyamata wa ku Kasungu amene ankadutsa malire pa njinga yamoto atanyamula machaja, mabatire a foni ndi mahedifoni, zonse zatsopano, zili m'mapepala onyezimira. Anayamba ndi kudzajambulitsa chithunzi kwa Racheal. Kenako anadzajambulitsanso china. Amayi a kapenta ankati mnyamata ameneyu nkhope yake ikamatha chaka idzakhala itaperepeseka.

Tsiku lina Racheal anadikira kuti benchi likhale lopanda munthu, n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo.

"Adada, Saimoni afuna kutuma anthu kunyumba."

A Zgambo anapitiriza kupala pulagi ina ndi tupa.

"Uja wa zinthu za m'mapepala?"

"Yemweyo."

"Iyayi."

Racheal anadabwa, chifukwa mawu amenewa anali asanawamvepo patebulo limenelo.

"Inu amene mumakwatitsa chigayo na makina osokela?"

"Mwana wanga, munthu uja chinthu chikafa amati tayani, gulani china. Namumva na makutu anga. Tsiku limene udzadwale adzakamba chimodzimodzi."

Nkhani inathera pomwepo, ndipo Racheal anakhala masiku angapo akuwapatsa moni wa pakamwa pokha.

M'nyengo yomweyo anali atalandira ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Amayi a kwaya ya ku Mwase Lundazi anasoketsa yunifolomu yatsopano atagulitsa mtedza, ndipo anamuitana kuti akawajambule akuimba: kutsogolo kwa tchalitchi, pathanthwe, ndi m'munda wa mpendadzuwa. Vidiyoyo inkayenera kukaonetsedwa pa msonkhano waukulu wa mipingo, pamaso pa makwaya ena amene amayiwa sankafuna kuwatchula maina. Mtsogoleri wawo, mayi Cathrine Mtonga, anali munthu wa mawu ochepa ndi chifuwa chachikulu. Anamuuza Racheal kuti akumudalira, ndipo ananena mwa njira yoti Racheal sanamve kukoma.

Vuto linali kompyuta. Zithunzi za kamera yatsopano zinkailemera. Amayi akayamba kuvina inkawaumitsa mwendo uli m'mwamba, mawu n'kumapitirira okha, kenako matupi n'kuthamanga kuwalondola. Mayi Mtonga ankatsegula pakamwa nyimbo itatha kale. Saimoni ataona zimenezi, ulendo wotsatira anabwera ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

"Khadi la zithunzi," anatero. "Ndi logwiritsidwapo kale ntchito, koma ndi lamphamvu. Likalowa m'kompyutamo, ntchito yonse ya zithunzi lizisenza ndi ilo."

Linali lolemera ngati theka la njerwa, lili ndi kafani kakekake. Analilowetsa awiriwo, n'kutseka bokosi la kompyuta. Racheal anatenga waya wa sikirini yake yakale, uja wa mutu wabuluu wokhala ndi mano ang'onoang'ono m'mizere itatu, n'kuzungulira kumbuyo kuti aulowetse m'khadimo. Anayang'ana, n'kuyang'ananso. Khadilo linali ndi makomo awiri: lina lopyapyala ngati kamwa la chule, limene amati HDMI, lina loyera, lalitali, la timabowo tambirimbiri. Labuluu panalibe. Sikiriniyo nayo inalibe khomo lina koma labuluu lomwelo.

Anabwezera wayayo pa khomo lakale la kompyuta, limene ankagwiritsa ntchito masiku onse. Sikirini inayaka n'kuonetsa kabokosi koyandama uku ndi uku, konena kuti palibe chimene ikulandira. Chilowereni khadi latsopano, khomo lakale linali litasiya ntchito.

Atatembenuka, anapeza bambo ake ataima pakhomo, thumba lili paphewa. Palibe amene anawaitana.

"Monile mose," anatero mwaulemu, akupereka moni kwa kompyuta ndi sikirini. Koma Saimoni anamudumpha, osamuyang'ana n'komwe. "Awa ni a kuti?"

"Adada, chonde."

"Nafunsa chabe."

Anapisa dzanja m'thumba mpaka paphewa, ndipo patapita nthawi anatulutsa ka adaputa: mbali ina yoyera ya mano ambiri, mbali ina yabuluu. Racheal anasendera pafupi. Kanali kooneka ngati kenikeni. A Zgambo anakalozetsa pa khomo loyera la khadi, n'kukankha. Kanakana. Anakatembenuza. Kanakananso. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kuona kuti ka adaputako kanali ndi timano tinayi tapadera kumapeto, pamene khadilo pamalo pomwepo panali pogontha, popanda mabowo.

"Mkamwini wabwela na mano ambili," anatero. "Si mlandu."

"Bambo," anatero Saimoni mwamantha, "timano timeneto ndi timene timanyamula chithunzi cha sikirini zakalezi. Khadili likakhala lopanda mabowo ake, ndiye kuti chilankhulo chakalecho silichidziwa n'komwe."

"Racheal, uza mlendo wako kuti nayamba kulumikiza mawaya amayi ake akali kusewela phada."

Anatenga pulayazi n'kuzula timano tonse tinayi, kamodzikamodzi, ngati wozula minga kuphazi. Ka adaputa kanalowa bwinobwino. Anamanga timasikuluwu take, n'kupukuta manja pa buluku.

"Yatsa."

Kabokosi kaja kanayandama kuchokera kumanzere kupita kumanja.

"Alowana," anatero a Zgambo. "Koma sakambitsana. Zimachitika sabata yoyamba."

Kuyambira tsiku limenelo tebulo lawo linasamukira m'kachipinda ka Racheal. Anthu obwera ndi mawailesi ankauzidwa kuti abwere mawa, pali mlandu waukulu. Ngati nkhoswe imodzi yalephera, iwo anati, pamafunika bwalo. Analumikiza adaputa ku adaputa inzake, iyo ku ina, yoyera ku yakuda, yakuda ku ya makina osindikizira, mpaka kumbuyo kwa kompyuta kunatuluka chinthu chotalika ngati mkono, chopindika pakati chifukwa cha kulemera. Anachichirikiza ndi chitsononkho. Anthu a mumsika ankabwera kudzasuzumira pazenera. Wokonza njinga anati akufuna akhalepo tsiku limene chidzaphulike.

Sichinaphulike, ndipo sichinachite kalikonse.

Mayi Mtonga anafika tsiku la msika, chikwama chili m'khwapa. Anayang'ana chitsononkhocho nthawi yaitali.

"Tili mmenemo ife?"

"Muli bwinobwino, amama," anayankha Racheal. "Kungoti simuoneka."

"Taimba padzuwa tsiku lathunthu. Anyina Taizya anakomoka pathanthwe paja. Uzatiuza kuti tinakomokela mdima?"

"Pofika sabata ya mawa zizakhala zitatheka."

"Tizabwela tonse," anatero mayi Mtonga, n'kutuluka.

Saimoni ananena kuti chofunika ndi kabokosi kokhala ndi ubongo wake mkati, komva chilankhulo cha khadi n'kumasulira m'chilankhulo cha sikirini yakale, osati chitsulo chongolumikiza mano. Pa Lundazi anafunsa mashopu onse, sanakapeze. Anakwera njinga yake kubwerera ku Kasungu.

Iye atachoka, a Zgambo anaganiza zothetsa nkhaniyo mlendo asanabwere. Racheal atapita kukatunga madzi, anabwerako n'kupeza atadula pakati waya wabuluu wapadera umene anali nawo m'thumba, adulanso wina wa HDMI, ndipo akupota timawaya tam'kati, kofiira ku kofiira, kobiriwira ku kobiriwira. Totsala topanda anzake anatipinda n'kutikulunga tepi, ati timeneto ndi mboni.

"Adada! Mukalowetsa chimenecho m'khadi langa, ine nichoka pano, nipita ku Kasungu wapansi, osabwelanso!"

Sanakuwepo chotere kwa bambo ake chibadwire. Amayi a kapenta anasiya kuitanira malonda. A Zgambo anayang'ana mwana wawo, anayang'ana ntchito ya manja awo, n'kuiika pansi pang'onopang'ono.

"Mitundu inali kugwilizana," anatero motsitsa mawu. Koma sanailowetse.

Saimoni anabwera ali mbuu ndi fumbi, kabokosi kakuda kali m'thumba la malaya. Kanali ndi khomo labuluu mbali ina, lopyapyala mbali inayo. Analumikiza, a Zgambo ataima kumbuyo kwake ngati woyang'anira mayeso. Racheal anayatsa. Kabokosi koyandama kaja kanabweranso, kosatopa.

Anazimitsa, kuyatsanso. Anasintha mawaya. Kenako Saimoni anatembenuza kabokosi kake n'kuona kamuvi kojambulidwa pansi pake. Kankaloza kolakwika. Kanali komasulira kuchokera ku kompyuta yakale kupita ku sikirini yatsopano, osati kubwerera.

A Zgambo anaseka mpaka kukhala pansi. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe.

"Nkhoswe yako imamva Chitumbuka n'kukamba Chichewa, koma ukaiuza Chichewa yagontha! Mwana wa ku Kasungu, wayenda ulendo wonse uja kukatenga nkhoswe ya mbali imodzi!"

Saimoni anangoti zyoli. Racheal ankayembekeza kuti akwera njinga yake n'kupita, ndipo sakanamuimba mlandu. Koma mnyamatayo anakoka chitini, n'kukhalapo.

"Bambo, mundibwereke sikuludiraiva. Mwina mkatimu muli poti n'kutembenuza."

A Zgambo anasiya kuseka. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ufuna kukatsegula? Katsopano, ka m'pepala?"

"Nanga nditaye?"

Anamupatsa sikuludiraiva yawo ya chigwiriro chofiira, imene ngakhale Racheal sankaloledwa kuigwira. Masiku otsatirawo awiriwo ankapezeka atagundanitsa mitu pa kabokosi kotsegula, akukangana ngati anthu odziwana kale. Munalibe choti n'kutembenuza mmenemo, ndipo Saimoni ayenera kuti ankadziwa. Katundu wake anakhala pa njinga osagulitsidwa. Masana ankagawana chinangwa chootcha. Racheal ankawamva a Zgambo akumufotokozera za wailesi iliyonse imene anaiukitsapo, ndipo Saimoni ankafunsa mafunso ngati nkhanizo n'zoona.

Koma sikirini inali yakuda, ndipo tsiku la amayi linakwana.

Anatsika minibasi atavala yunifolomu, n'kudzakhala pansi kutsogolo kwa kachipindako, miyendo atatambasula. Mayi Mtonga anati popeza vidiyo palibe, aimba pomwepo mpaka ituluke, kuti msika wonse udziwe chimene chatsekeredwa m'bokosimo. Anakweza dzanja, nyimbo n'kuyamba. Inali nyimbo yabwino. Anthu anasonkhana, ena akuvina, ena akufunsana kuti mtsikana uja wawalakwira chiyani amayi a Mulungu.

Racheal anatulukira kuseri n'kupita kunyumba. Anakhala pampando m'chipinda chochezera n'kuyamba kulira, akuganiza za dzina lake limene linkathera pamsika dzuwa likuswa mtengo. Ukwati uti umene udzamuitanenso? Mayi ake ankasankha nyemba pakhonde, ndipo anamusiya alire kaye. Akupukuta m'maso, maso ake anagwera pa kansalu koluka kaja. Kwa iye TV imeneyo sinali chipangizo, inali ngati mlendo wolemekezeka wa amayi ake, ndipo anali asanaionepo kumbuyo. Anadzuka, anaitembenuza pang'ono. Panali makomo awiri opyapyala ngati kamwa la chule, atangokhala phee.

"Amama!"

A Dorica anamva nkhani yonse ataima, manja m'chiuno.

"Ninyamula nekha," anatero. "Nilumikiza nekha kapena iwe. Awiske Racheal, adada akowo, akhale kutali, poti dzanja silifika."

Anaikulunga m'chitenje, anaisenza pamutu, n'kuyenda nayo mpaka kumsika, Racheal ali pambuyo ndi limoti. Kwaya inapatuka kuwapatsa njira osasiya kuimba. Saimoni anathamangira ku njinga yake n'kung'amba pepala la waya watsopano wa HDMI. Racheal anachotsa chinthu chotalika chija pamodzi ndi chitsononkho chake, analowetsa mutu umodzi wa waya m'khadi, wina m'TV. Zinalowa mosavuta ngati phazi m'nsapato yake. Anadina limoti.

Chithunzi chinabwera, chowala, chachikulu. Anatsegula vidiyo ija, ndipo mayi Mtonga anaonekera ali m'munda wa mpendadzuwa, pakamwa ndi mawu zikuyendera limodzi. Panjapo nyimbo inaduka pakati. Amayi anadzazana pakhomo ndi pazenera, akukuwa aliyense akadziona, wina akudandaula kuti duku lake linapendeka ndipo palibe anamuuza. Nthungululu zinamveka mpaka kokwerera mabasi.

A Zgambo anaima pamene anawaimika akazi awo, manja kumbuyo, nkhope ili gwa.

"Popanda nkhoswe," anatero. "Angokumana n'kutengana. Ni chisembwele ichi."

Racheal anagwira ntchitoyo masiku amene anatsala, mayi ake atakhala pampando pambali pa TV ngati mlonda, ndipo vidiyo inakafika ku msonkhano pa nthawi yake. Amene anapitako akuti makwaya ena aja anaonera ali chete, milomo atakweza.

Patapita masiku, a Dorica akupinda kansalu kawo, anamuuza Racheal mongodutsa kuti bambo akewo makomo a kumbuyo kwa TV ankawadziwa bwino lomwe.

"Nikapita ku chigayo amaitembenuza. Aganiza siniona fumbi."

Racheal anapita kutebulo.

"Adada, munali kudziwa kuti TV ya amama ingagwile?"

"Unanifunsa za sikilini. Za TV sunanifunse."

"Ninalila, adada. Msika wonse unaniseka."

A Zgambo anatembenuzatembenuza kapulagi m'manja. Ngati anachita manyazi, anawabisa bwino. Ngati panali nzeru ina imene ankaiyesa pa mnyamata uja, sanainene, ndipo mwina panalibe. Mwina ankangofuna kuti sikirini yakaleyo iyake ndi manja awo.

"Uja wa ku Kasungu," anatero pomaliza, "amagwila sikuludilaiva ngati mpeni wa nyama. Afunika kuphunzitsidwa. Umuuze atume anthu ake. Koma abwele na nkhoswe yeniyeni, yomva mbali zonse."

Ukwati unachitika chaka chomwecho anthu atakolola. Saimoni sanamutengere mkazi wake ku Kasungu. Anachita lendi nyumba pa boma pomwepo, ndipo katundu wake wa m'mapepala ankamugulitsira pakona pa tebulo la apongozi ake, amene ankauza wogula aliyense kuti zimenezo sizikhalitsa. Kabokosi koyenera, ka muvi woloza koyenera, kanadzapezeka ku Chipata, koma a Zgambo anakana kukagwiritsa ntchito. Anati nkhaniyo ili m'manja mwawo kale. Sikirini yakale ija inakhala patebulo pawo, ndipo pakasowa makasitomala ankaibwerera ndi nzeru yatsopano.

A Zgambo anadwala m'nyengo ya mvula, fodya ali m'munda. Chinayamba ngati chifuwa wamba. Kuchipatala anakhalako masiku owerengeka, ndipo anamwino akuti anawagwira kawiri akusuzumira kumbuyo kwa makina a mpweya. Racheal anali pambali pawo tsiku lomaliza. Sananene mawu aakulu. Anangofunsa ngati wina anafunditsa tebulo, chifukwa denga la pamenepo limadontha.

Pamaliro panabwera anthu ochuluka kuposa mmene banja linkaganizira, ochokera ku Mwase, ku Chikomeni, ena kutsidya kwa malire. Kwaya ya mayi Mtonga inaimba osaitanidwa. Kumasiye anthu ankayamba nkhani ndi nkhope zachisoni, koma ikafika pakati wina ankabisa kumaso m'chitenje, mapewa akugwedezeka, chifukwa panalibe nkhani ya a Zgambo imene munthu akanaimaliza osaseka.

Pamalo pa tebulo lawo pano pali mtsikana wogulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale. Zinthu zikakanika kulowana, anthu amapita kwa anyamata a m'mashopu a mafoni, amene amayang'ana kamodzi n'kunena kuti sizilowa, gulani ina. Nthawi zambiri amanena zoona. Nkhani imatha munthu asanatsitse n'komwe katundu pamutu, ndipo kumapeto kwa msika kuja masiku ano anthu amangodutsa.

Miyezi ingapo maliro atachitika, Racheal ali pakhomo pa kachipinda kake m'mawa, anaona bambo wina wachikulire akukankha njinga, wailesi atamangirira pakaliyala ndi mphira. Anaima pamene panali tebulo, n'kumayang'ana nsapato zija ngati wasochera.

"Monile, mama. A Zgambo asamukila kuti?"

Anali a Bornwell Kumwenda, mlimi wa fodya wa ku Chikomeni, amene ankabwera ku boma kamodzi pa chaka. Uthenga sunawapeze. Racheal anawauza. Anavula chipewa, n'kukhala nacho m'manja nthawi yaitali.

"Siyani wailesiyo, adada," anatero Racheal. "Amuna anga akabwela aiona. Yafa chiyani?"

"Siinafe, mama. Nachotsa kawaya ine mwini, pa mlatho paja. Chaka chili chonse nimatelo."

"Chifukwa?"

"Munthu ungakhale bwanji pa benchi la mnzako tsiku lonse opanda chifukwa? Iwo anali kudziwa. Koma anali kufunafuna mpaka dzuwa kupendeka."

Anamasula mphira, anatsegula kumbuyo kwa wailesiyo ndi chikhadabo, n'kubwezera kawayako pamalo pake. Sizinatenge nthawi. Wailesi inayamba kulira, iwo n'kuitsitsa mawu, n'kuimangiriranso pakaliyala. Anavala chipewa, anathokoza kuti yewo, n'kutembenuza njinga. Sanaikwere. Anaikankha pang'onopang'ono kudutsa pakati pa amayi a kapenta, kulowera njira ya kwawo, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.